Mukapita kukathandiza pa mpikisano wa ndege zopanda injini

Amene wakuitanani kuti mukamuthandize pa mpikisano wa ndege zopanda injini mwina sanakuuzeni kuti liwiro lenilenilo simukaliona. Ndege zikanyamuka zimakasowa kumitambo maola anayi kapena asanu, inu n'kutsala pansi ndi fumbi, dzuwa ndi wailesi. Ntchito yanu ndi yam'mawa ndi yamadzulo, ndipo ikalakwika, woyendetsayo amaluza asananyamuke n'komwe.

Masewerawa ndi akale ndithu. Mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi unachitikira paphiri la Wasserkuppe ku Germany mu 1937, ndipo mu December 2001 unafika ku Mafikeng m'dziko la South Africa. Malamulo ake amachokera ku bungwe la FAI lomwe likulu lake lili ku Lausanne. Mpikisano waukulu umatenga pafupifupi masabata awiri, koma masiku onsewo amayenda mofanana, ndipo amene amalamula ndi dzuwa. Likatenthetsa nthaka, mpweya wotentha umakwera ngati mzati, ndipo eni masewerawa amautcha thermal. Ndi momwe miimba imazungulira osakupiza mapiko, ndipo kamvuluvulu amene amanyamula zinyalala pabwalo ndi phazi la mzati womwewo. Woyendetsa amazungulira mmenemo mpaka atakwera, kenako n'kutsetsereka kukafuna mzati wina. Ndege zamakono zikatsika mita imodzi zimakhala zitapita mamita 50 kutsogolo, zina kuposa pamenepo.

Dzukani kukadali kozizira. Vundukulani ndege, mupukute mapiko ndi nsalu yofewa yonyowa mpaka pasatsale fumbi kapena kachilombo kofera pamenepo. Musaone ngati ndi mwambo chabe: tizinthu tating'ono totere timasokoneza mpweya woyenda paphiko, ndege n'kumatsika msanga. Pamene phiko lakumana ndi thupi la ndege, matanipo tepi yoyera bwinobwino. Ikani mabatire amene anagona pamagetsi. Ngati ndegeyo inagona m'ngolo yake ndipo mukuilumikiza m'mawawo, musalole aliyense kucheza ndi woyendetsa ntchitoyo ili mkati, ngakhale kupereka moni kudikire. Munthu akadodometsedwa amaiwala pini imodzi, ndipo pini imodziyo ndi moyo wake. Mukatha, gwirani chiwongolero chilichonse cha paphiko ndi kumchira pamene iye akukankha ndodo yoyendetsera, kuti nonse mutsimikize kuti chalumikizika.

Kenako madzi. Alendo ambiri amadabwa kuona anthu akuthira madzi m'mapiko a ndege, nthawi zina malita oposa 150. Chifukwa chake n'chakuti ndege yolemera imathamanga kwambiri pakati pa mzati wina ndi unzake popanda kutaya mtunda, ngakhale kuti imakwera mochedwerapo. Tsiku la dzuwa lamphamvu amadzaza, tsiku lofooka amachepetsa. Funsani malita amene akufuna, mulembe papepala, muthire mofanana mbali zonse mapiko ali chopingasa bwino. Pali malire: gulu la ndege za mapiko a mamita 18 silipitirira makilogalamu 600, gulu la Open silipitirira 850, ndipo gulu la Club silinyamula madzi n'komwe. Popita kubwalo mudzadutsa pasikelo, ndipo mukapezeka mwapyola, madziwo mudzawataya anthu akuonerera.

Kokani ndege ndi galimoto pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi, mpaka pamalo ake pamzere umene amautcha grid. Malowa amasintha tsiku ndi tsiku kuti pasakhale wokondedwa, choncho onani pepala la tsikulo, musadalire ladzulo.

Cha m'ma 10 koloko kumakhala msonkhano wa onse, briefing. Amayamba ndi kuombera m'manja opambana adzulo, kenako katswiri wa zanyengo amafotokoza nthawi imene mpweya uyambe kukwera, kutalika kwa mitambo ndi kumene mvula ingachokere. Akatero amagawa ntchito ya tsikulo. Ilipo mitundu iwiri. Wina ndi wozungulira malo otchulidwa, mwina makilomita 300, mwina 600, ndipo wachangu ndiye wapambana. Winawo amapereka madera akuluakulu ndi nthawi, tinene maola atatu, woyendetsa n'kusankha yekha pokhotera m'dera lililonse. Inunso tengani pepala lanu, chifukwa likuuzani mbali imene mungakamufune madzulo.

Tsopano kudikira, kumene ine ndimakuona kuti ndiye mayeso enieni a wothandiza. Mukhoza kukhala pamzere ola limodzi kapena atatu, pabwalo lopanda mtengo ndi umodzi womwe, pamene akuluakulu atumiza ndege imodzi kukalawa ngati mpweya wayamba kukwera. Tengani ambulera, chipewa, madzi akumwa ambiri ndi kachakudya kopepuka. Ambulerayo ndi ya woyendetsa, inu mupirire. Chivindikiro choonekera cha pamene amakhala chizikhala chotseka ndi chofunditsidwa nsalu, chifukwa chikasiyidwa chotsegula chimasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa mpaka kuwotcha zam'kati, komanso mphepo imachimenyetsa n'kuchiswa. Ntchito ya tsikulo ikhoza kusinthidwa pomwepo, kapena tsiku lonse kulephereka. Zikatero musadandaule mokweza. Tsegulani madzi atayike, mubweze ndege.

Nthawi ikayandikira, chepetsani nkhani. Ena amafuna nthabwala, ambiri amafuna bata, ndipo pofika tsiku lachiwiri mudzakhala mutadziwa kuti wanuyo ndi wotani. Muthandizeni kuvala parachuti, muone kuti madzi akumwa ali pofikirika ndiponso kuti botolo la oxygen ndi lotsegula, poti pamwamba pa mamita 3,000 mpweya umachepa ndipo nzeru zimayamba kuzirala mwini wake osazindikira. Palinso nkhani ija ya kutaya madzi, osati am'mapiko ayi. Munthu amene akhale maola asanu chogonera m'kampando kopanikiza amakhala ndi kachubu kapena timatumba take. Musachite nazo manyazi, onetsetsani kuti zilimo, chifukwa amene amaopa kumwa madzi pothawa vutoli amafika kumapeto mutu utauma.

Musanachoke kumchira, chotsani kagudumu kokokera ndege pansi kamene kamamangidwa pamenepo. Kamapakidwa utoto wowala dala kuti kasaiwalike, koma kamaiwalikabe, ndipo ndege yonyamuka nako imalemera kumbuyo moopsa. Ndege ya injini yodzakoka ndege yanu ikafika, onetsani woyendetsa mphete ya chingwe, muikolowetse, muikoke kuti muone ngati yagwira. Phiko musalidzutse mpaka iye atapereka chizindikiro. Likhale chopingasa kwa kanthawi kuti madzi akhazikike, kenako thamangani nalo mutaligwira mopepuka kumapeto. Likayamba kukusiyani, lisiyeni. Mukalikakamira mumakhotetsa ndege yonse. Ndegezi amakazimasula kuchingwe pamtunda wa mamita pafupifupi 600, ndipo ndege zokoka zimabwerera motsatizana mwakuti gulu lalikulu lonse limatha kunyamuka m'kati mwa ola limodzi. Wanu akangochoka, chotsani galimoto ndi katundu yense pabwalo.

Oyendetsa sayambira pamodzi ngati othamanga pansi. Womaliza wa gululo akanyamuka, pamadutsa mphindi zingapo mzere woyambira usanatsegulidwe, ndipo aliyense amasankha nthawi yake yodutsira. Apa pamakhala kuchenjererana, poti wotsogola amaonetsa anzake pamene pali mpweya wabwino. Mukaona ndege makumi awiri zikuzungulira pamodzi pansi pa mtambo umodzi mtima udzakhala m'mwamba, ndipo mpake. N'chifukwa chake amanyamula kachipangizo kochenjeza za kugundana kotchedwa FLARM, kamene kanayambira ku Switzerland mu 2004.

Masana musagone musanakonze ngolo. Thirani mafuta m'galimoto, onani mpweya wa matayala ndi magetsi akumbuyo, muikemo zogwirira mapiko, tochi, madzi ndi chakudya, foni ikhale yodzaza moto. Pawailesi muzingomvera, chifukwa mpikisano uliwonse uli ndi lamulo lake lonena amene angalankhule ndi woyendetsa ndi zimene angamuuze.

Zikayenda bwino, cha kumadzulo mudzaona ndege zikubwera motsika ndi mothamanga, zikukoka michira yoyera ya madzi amene zikutaya zisanatere. Kumalo otentha ngati Uvalde ku Texas kapena m'zigwa za South Africa, opambana amatha kuzungulira ulendo wonse pa liwiro lopitirira makilomita 140 pa ola. Wanu akatera, fikani msanga ndi galimoto mumuchotse panjira, ena ali m'mbuyo ndipo sangathe kuzunguliranso. Chisanachitike china chilichonse, mukumbutseni atumize kwa owerengera zimene kachipangizo kolemba ulendo kajambula. Nthawi yake ndi yoikika ndipo wochedwa amadulidwa mapointi. Tsiku lathunthu wopambana amalandira mapointi 1,000, ena onse amawerengedwa poyerekeza ndi iye.

Zikavuta, foni idzalira: watera m'munda. Ndege zambiri masiku ano, monga za JS zimene amapanga ku Potchefstroom, zimakhala ndi kainjini kobisika kobwerera kunyumba, koma akangokaliza ndiye kuti mpikisano wake wa tsikulo wathera pomwepo, ndipo nthawi zina kamakana kulira. Lembani manambala a malo amene ali, muwawerengenso mokweza kuti avomereze, mufunsenso msewu ndi chipata cholowera. Mukafika, yambani mwaonana ndi mwini munda. Mwalowa pakhomo pa eni osaitanidwa, choncho odi ndi kupepesa zitsogole. Musaponde mbewu ndi galimoto, tsekani chipata chilichonse chimene mwatsegula, ndipo ngati muli ng'ombe fulumirani, chifukwa zimakonda kunyambita ndi kudzikhula pamapiko. Pobwerera musamufunse kuti chachitika n'chiyani. Mupatseni madzi, adzafotokoza yekha mtima ukatsika, mwina kangapo.

Madzulo pukutaninso mapiko tizilombo tisanaumirepo, mufunditse ndege ndi kuimangirira pansi. Ngati kuli mitambo yakuda, musachite ulesi, iphwasuleni ilowe m'ngolo. Mvula yamatalala ya chilimwe cha ku South Africa imaboola phiko m'mphindi zochepa, ndipo kulumikizanso mawa kumangotenga theka la ola. Zotsatira zimatuluka usiku womwewo, koma inu musazidikire. Onani kuti mabatire onse ali pamagetsi ndipo kanyali kake kayaka, kenako kagoneni, chifukwa 6 koloko mapiko aja akufunanso nsalu yanu.