Phunziro: Makina Osemera Zitsulo Ogula Atagwira Kale Ntchito

Shafti ya chigayo ikadyeka, mwini chigayo sagula chigayo china. Amamasula chitsulo chodyekacho n'kupita nacho kwa amisiri a zitsulo ku Ndirande, ku Makata kapena ku Limbe. Kumeneko amamusemera china chofanana nacho ndendende. Makina amene amasema zitsulo chotere amatchedwa lathe. Atsopano ndi okwera mtengo kwambiri, choncho amisiri ambiri amagula amene anagwirapo kale ntchito kwina.

Momwe makinawa amagwirira ntchito

Posenda lalanje, dzanja limodzi limazunguza chipatso pamene mpeni ukuchotsa khungu pang'onopang'ono. Lathe imachitanso chimodzimodzi. Chozungulira ndi chitsulo chimene chikusemedwa, osati mpeni.

Mota ya magetsi imazunguza lamba. Lamba amazunguza magiya. Magiya amazunguza chopanira, chimene chili ndi mano atatu kapena anayi ogwira chitsulo mwamphamvu. Mpeni wake ndi wachitsulo cholimba kuposa chimene chikusemedwacho. Mpeniwu umamangidwa pa kangolo koyenda pa njanji ziwiri zosalala. Mmisiri akamapotoza zogwirira, mpeni umasendera kutsogolo, chammbali kapena mkati, n'kumapala chitsulo. Zopalidwazo zimagwa zopotanapotana ndiponso zotentha, n'chifukwa chake amathirapo madzi osakaniza ndi mafuta oziziritsa.

Akapala pang'ono, mmisiri amaimitsa makina n'kuyeza. Shafti ikachepa ngakhale ndi kachigawo kakang'ono ka milimita, beringi imagwedera ndipo imafa msanga. Ndi makina omwewa amaboola pakati pa chitsulo, amasema mabushi, komanso amadula mazinga a mabawuti.

Kumene makina akale amachokera

Ena amapezeka konkuno, fakitale ya ku Makata kapena ku Chirimba ikatsekedwa kapena ikagula makina atsopano. Ena amachokera kunja. M'mayiko olemera mafakitale ambiri tsopano amagwiritsa ntchito makina oyendetsedwa ndi kompyuta, otchedwa CNC, ndipo amagulitsa akale oyendetsa ndi manja. Pakati pa akalewa pali a mtundu wa Colchester ndi Harrison, opangidwa ku England, amene amadziwika kuti ndi olimba.

Malawi alibe doko la panyanja yamchere. Katundu wolemera chotere amatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Durban, kenaka amabwera pa lole kapena pa sitima yapamtunda. Malole ambiri obwera ku Blantyre amalowera pa chipata cha Mwanza. Choncho pa mtengo wa makina muyenera kuwonjezerapo ndalama zonyamulira ndi zimene a MRA angafune pa msonkho.

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Masipeya akadula kapena akasowa m'masitolo, anthu amatembenukira kwa mmisiri amene angathe kuwasema konkuno. Apa mpamene lathe yakale, ikakhala yabwino, imadyetsa banja.

Zoyang'ana musanagule

Penti yatsopano isakukopeni. Pitani ndi mmisiri wodziwa, ndipo muone zinthu izi:

1. Magetsi. Makina akuluakulu amafuna magetsi a three-phase, a mavoti 400. A m'nyumba zambiri ndi a mavoti 230. Funsani kaye ku ESCOM ngati magetsi amphamvuwo angafike pamalo panu, ndiponso kuti mudzalipira zingati.

2. Kulira kwake. Muuzeni wogulitsa ayatse makina inu mukuona. Asinthe magiya onse, limodzilimodzi. Mukamva kugogoda kapena kukhuluza, dziwani kuti giya kapena beringi yatha.

3. Njanji. Zimadyeka kwambiri pafupi ndi chopanira, chifukwa ndi pamene ntchito zambiri zimagwiridwira. Semani chitsulo chachitali, muyeze mbali zonse ziwiri. Mbali ina ikanenepa kuposa inzake, makinawo ali ndi vuto, ndipo kukonza njanji kumadya ndalama zambiri.

4. Miyeso. Makina ena akale amadula mazinga a mainchi, pamene mabawuti ambiri a masiku ano ndi a mamilimita. Funsani ngati magiya osinthira alipo.

5. Zida zake. Chopanira, sipanala yake ndi zomangira mpeni zibwere pamodzi ndi makina. Kuzifuna pazokha n'kovuta.

Kumbukiraninso kuti lathe yaikulu imalemera kuposa tani imodzi. Imafuna pansi pa simenti yolimba ndi yosalala.

Kudziteteza

Makinawa sasiyanitsa chitsulo ndi mkono. Musavale malaya olendewera kapena magolovesi pamene chitsulo chikuzungulira. Valani magalasi oteteza maso. Chotsani sipanala pa chopanira musanayatse. Zopalidwa zichotseni ndi burashi makina ataima, osati ndi manja. Thirani oyilo pa njanji tsiku lililonse.

Luso limeneli limaphunziridwa. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndilo limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno. Amayi ndi abambo omwe angathe kukafunsako za sukulu zophunzitsa ntchito ya zitsulo. Kudziwa kuwerenga manambala ndi miyeso ndiye poyambira pake.

Mafunso

1. Pa lathe, chimazungulira n'chiyani, mpeni kapena chitsulo?
2. Tchulani madoko atatu amene makina ochokera kunja amatsikira.
3. N'chifukwa chiyani tiyenera kufunsa za magetsi tisanagule makina?
4. Kodi tingadziwe bwanji kuti njanji zadyeka?

Ntchito

Makina akugulitsidwa pa K6,000,000. Kunyamula ndi K450,000, kukonza mota ndi K300,000. Lembani ndalama zonse zofunika.

Kambiranani m'magulu: ndi zitsulo ziti za m'dera lanu zimene zimatayidwa pamene zikanatha kukonzedwa?