Kodi Katundu Akagulidwa Sabwezedwa?

Munthu wolowa m'masitolo a ku Kamuzu Road, kapena m'timagolosale ta ku Senga Bay ndi ku Chipoka, amapeza kawirikawiri mawu olembedwa pakhoma kapena pansi pa lisiti, onena kuti katundu akatuluka pakhomo sabwezedwanso. Anthu anawazolowera mawuwa, kotero kuti ambiri amawayesa lamulo la boma. Komatu si lamulo ayi, ndipo lamulo lenileni la dziko lino limawaletsa. Funso la phunziro lino ndi ili: katundu akapezeka ndi chilema atagulidwa kale, chitayikocho chigwere yani?

Nkhaniyi imveka bwino ikayambira kunyanja. Asodzi a usipa amalowa m'madzi usiku wamdima ndi chilimira, ndipo chimene chimasonkhanitsa nsomba ndi kuwala kwa nyali za m'bwato la siginala. Kale nyalizo zinali za parafini. Lero ambiri amayatsa mababu ndi batire. Tsono mwini boti wina wagula batire latsopano, wogulitsa atamuuza kuti lidzayatsa mababu ake kufikira m'bandakucha. Usiku wachitatu batirelo lazima pakati pa usiku, nsomba zabalalika, boti labwera lopanda kanthu. Mwini botiyo wataya mtengo wa batire, wataya mafuta a injini, ndipo anyamata onse amene amadya pa botilo apita kwawo chimanjamanja. Akabwerera kusitolo, mwini sitolo amloza mawu a pakhoma aja, nawonjeza mwambi wakuti malonda ndi m'maso.

Mwambiwo uli ndi nzeru yake, koma suthetsa mlandu uwu, pakuti m'kati mwa batire maso safikamo. Makolo omwewo amene anati malonda ndi m'maso ananenanso za chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyana kwa chilema chooneka ndi chilema chobisika ndiko mutu wa nkhani yonseyi, ndipo amene anakufotokoza momveka kalekale ndi Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274. M'buku lake la Summa Theologiae iye anapatula funso lathunthu la chinyengo pogula ndi pogulitsa, nanena kuti chinthu chogulitsidwa chingalakwike m'njira zitatu. Chingakhale chinthu china osati chimene chatchulidwa, monga thumba la makilogalamu 50 lolembedwa feteleza pamene theka lake ndi mchenga. Chingaperewere pamuyeso, monga mpunga wa ku Lifuwu woyezedwa pasikelo yopotozedwa, kapena usipa wa m'chigoba chophwanyidwa pansi. Chingakhalenso chosalimba kapena chodwala pamene chagulitsidwa ngati chabwino, monga batire lija.

Pa chilema chooneka, Thomas anapereka chitsanzo cha kavalo wa diso limodzi. Wogulitsa sakakamizidwa kulengeza chimene aliyense akuchiona, malinga atsitse mtengo moyenera chilemacho. Koma chilema chobisika, chimene chingabweretse ngozi kapena chitayiko kwa wogula, monga nyumba yofuna kugwa kapena chakudya choola, wogulitsa ayenera kuchiulula. Akachibisa, malondawo ndi achinyengo ndipo ayenera kubweza chimene mnzake wataya. Pali mfundo ina imene eni masitolo ambiri sangaikonde. Wogulitsa amene sanadziwe kuti katundu wake ali ndi chilema sanachimwe pogulitsa, komabe akangodziwitsidwa ayenera kubweza. Chifukwa chake yankho lakuti "inenso ndinangopikula ku Lilongwe" limamchotsera munthu tchimo la bodza, koma silimchotsera ngongole. Iye abweze kwa msodzi, kenaka akadandaule yekha kumene anapikulako.

Malamulo a dziko la Malawi amayenda m'njira yomweyi. Lamulo la Sale of Goods Act, limene linatengera lamulo la ku England la 1893, limati pali malonjezo ena amene amalowa m'malonda ngakhale palibe amene wawatchula pakamwa. Katundu ayenera kufanana ndi mmene wafotokozedwera. Wogulidwa kwa munthu amene malonda ake ndi omwewo ayenera kukhala woyenera kugulitsidwa. Ndipo wogula akanena ntchito imene akufunira chinthucho, nadalira nzeru za wogulitsa, chinthucho chiyenera kuigwira ntchitoyo. Apa pali phindu kwa msodzi uja: popeza ananena kuti akufuna batire loyatsa mababu usiku wonse, ndipo wogulitsa anamsankhira, mlandu wake ndi wolimba kuposa wa munthu amene anangoloza chinthu pashelefu osanena kanthu. Lamulo lomwelo lili ndi kavalo wake wa diso limodzi, pakuti wogula amene anayang'anitsitsa katundu sangadandaule pambuyo pake za chilema chimene akadachiona poyang'anapo. Limatinso wosunga katundu nthawi yaitali osanena kuti wamkana amawerengedwa kuti wamlandira.

Malamulo ena anabwera pambuyo. Mu 2003 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza ogula, la Consumer Protection Act, limene linalamula kuti pakhale khonsolo yoyang'anira nkhanizi. Koma boma linakhala zaka zambiri osaikhazikitsa khonsoloyo, ndipo bungwe la ogula la CAMA, limene linayamba mu 1994, linadandaula za ichi kawirikawiri kudzera mwa mkulu wake John Kapito. Ntchito yaikulu inagwera bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC mwachidule, lobadwa ndi lamulo la 1998. Lamulo limenelo ndilo linaletsa wogulitsa kudzichotsa pamlandu wa katundu wachilema, ndiye kuti mawu a pakhoma aja.

Mano a bungweli anayesedwa pa mlandu wotchuka. Mu 2021 CFTC inalamula kampani ya Airtel Malawi kulipira chindapusa cha K2.1 biliyoni pa nkhani ya mabonasi a Khethekhethe amene makasitomala ena sanawalandire. Kampaniyo inapita ku Bwalo Lalikulu, ndipo mu 2023 bwalolo linagamula kuti lamulo la 1998 silinapatse bungwelo mphamvu yolipitsa lokha chindapusa. Mpata umenewu unatsekedwa ndi lamulo latsopano limene linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024. Lamuloli linapatsa CFTC mphamvu yolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama kapena asinthiridwe katundu, ndi yolipitsa kampani chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zimene yapeza pa malonda a chaka chonse. Nkofunika kuti akatekisti adziwe kusinthaku, pakuti anthu ambiri a m'miphakati akali ndi maganizo akuti kudandaula n'kungotaya ndalama za ulendo.

Maganizo akuti wogula ali ndi ufulu wake anafalikira padziko lonse kuchokera pa 15 March 1962, pamene John F. Kennedy, Mkatolika woyamba kukhala pulezidenti wa United States, anatchula maufulu anayi mu uthenga wake wopita kwa aphungu a dziko lake: kutetezedwa ku zinthu zoopsa, kuuzidwa zoona, kusankha, ndi kumvedwa. N'chifukwa chake tsiku la 15 March limakumbukiridwa chaka ndi chaka ngati tsiku la ogula. Mwa anayiwo, umene umavuta kwambiri kugombe la nyanja ndi wotsirizawo, pakuti maofesi ali kutali ndipo malonda ambiri amachitika popanda pepala.

Nanga wogula amene wapeza chilema achite chiyani? Chida chake choyamba ndi lisiti, ndipo lisiti lothandiza ndi lolembedwa dzina la sitolo, tsiku, mtengo ndi mtundu weniweni wa chinthucho. Kumene lisiti kulibe, uthenga wa pafoni wosonyeza kuti ndalama inatumizidwa, kapena mboni imene inalipo pogula, ingagwire ntchito. Chachiwiri ndi changu. Abwerere kusitolo sabata yomweyo, asanachitsegule yekha chinthucho ndiponso asanachipereke kwa mmisiri wa pamsika, pakuti batire kapena injini ikangotsegulidwa, wogulitsa amapeza pothawira ponena kuti yawonongeka m'manja mwa ena. Mlimi amene wakayikira feteleza asamthire yense m'munda. Asunge thumba ndi gawo lina la zam'katimo, pakuti popanda zimenezo alangizi a zaulimi kapena a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, limene lakhalapo kuyambira 1972, alibe choyesa. Bungwe lomweli ndilo limayesa masikelo a malonda. Wogulitsa akakana, dandaulo lipite ku CFTC ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima, ndipo lingatumizidwe mwa kalata osakwera minibasi. Bwalo la majisitireti nalonso limamva milandu yotere. Anthu khumi onyengedwa ndi sitolo imodzi amamveka msanga akadandaula pamodzi kusiyana ndi mmodzimmodzi, ndipo apa mphakati ungathandize polemba maina ndi kusonkhanitsa malisiti.

Ntchito yogwiridwa moperewera imayesedwa ndi muyeso womwewo. Makaniko amene walandira ndalama yokonzera injini ya boti naikamo chitsulo chakale m'malo mwa chatsopano, kapena mmisiri amene wachepetsa simenti pa maziko, wagulitsa chilema chobisika, ndipo ayenera kukonzanso kapena kubweza. Madandaulo a magetsi ndi mafuta ali ndi bungwe lawo la MERA, a mafoni MACRA, a mabanki Reserve Bank of Malawi; koma kulikonse munthu ayambe wadandaula kwa eni ntchitoyo, nasunge kalata yosonyeza kuti anatero.

Owerenga ambiri a nyuzipepala ino, komabe, sali ogula okha. Mayi amene amadandaula za shuga woperewera ndi yemwenso amagulitsa usipa pamulu, ndipo amadziwa yekha ngati woola uja anamuika pansi, wowala pamwamba. Mlimi wonyengedwa pa feteleza ndi yemwenso amayesedwa kuti awaze madzi thonje kapena mpunga kuti ulemere pasikelo. Thomas sanawasiye ogula: anati munthu amene wagula golide pamtengo wa mkuwa, chifukwa wogulitsa sanadziwe chimene ali nacho, nayenso ayenera kubweza. Momwemonso wobweza batire limene analigwetsa yekha m'madzi, nanena kuti linabwera lakufa, waba kwa mwini sitolo. Zonsezi zili pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa 1992 amatchula chinyengo pa malonda pakati pa machimo olakwira lamuloli, naphunzitsa kuti chotengedwa mosalungama chiyenera kubwezedwa kwa mwini wake. Akatekisti pokonzekeretsa anthu ku sakramenti la kulapa azifotokoza mmene kubwezaku kungachitikire. Wogula akakhala wodziwika, ndalama kapena katundu apite kwa iye mwini, ngakhale kudzera mwa munthu wina pofuna kusunga mbiri. Akakhala wapaulendo amene anagula pa basi ndipo sadzapezekanso, mtengo wa chinthucho uperekedwe kwa osauka, ndipo chigoba chophwanyidwa chija chichotsedwe pamsika tsiku lomwelo.