Kasungidwe ka Nsaru ndi Zigamba m'Cipinda Cacing'ono

Mai wosoka wa kumudzi sakhala ndi cipinda cace ca nchito. Makina ace aima pangondya pa cipinda cogona, pakati pa kama ndi matumba a cimanga, ndipo nsaru zonse zotsala pa nchito zilowa m'thumba limodzi pansi pa kama. Thumba limenelo ndilo limtayitsa cuma. Cimene calowamo sicionekanso. Tsiku lofuna cigamba cofiira mai akhuthula zonse pansi, nasankha cimodzi, nabwezera zinazo ziri zokwinyika; ndipo tsiku lina apeza kuti ciswe cinaboola thumbalo kunsi kale lomwe, nicidya theka la zam'kati.

Ambiri ayesa zigamba zinyalala cifukwa sanaziwerengere mtengo wace. Copfunda ca zigamba cokwana pa kama, ca masentimita 200 m'litali ndi 150 m'lifupi, cifuna tizigamba 300 ta mbali zinai zolingana, kali konse kodulidwa masentimita 12 kuti kakasokedwa katsale 10. Citenje cathunthu ca mamita awiri cipatsa tizigamba totere 144. Motero wosunga bwino zotsala zace kufikira zakwana 300 wasunga nsaru yoposa zitenje ziwiri, osaturutsa ndalama. Ndipo copfundaco cikatha, ciri ndi zitenje zakale kunsi ndi bulangete lotha m'kati mwace, mwana sadzagona wozizidwa m'mwezi wa June ndi July. Luso limeneli si la kuno kokha. Akazi a ku Bengal asanja nsaru zao zakale zingapo nazisoka pamodzi, nacicha kantha. Ndipo akazi a m'mudzi wa Gee's Bend ku Alabama, m'dziko la America, anasoka zopfunda ndi zobvala zotha za kumunda, zimene zinaonetsedwa m'nyumba yaikuru ya zaluso ku Houston m'caka ca 2002. Onsewa anali anthu a nyumba zazing'ono.

Cofunika coyamba ndico malo. Nsaru ya thonje ndiyo cakudya ca ciswe, ndipo ciswe cidzera pansi ndi m'khoma. Cifukwa cace bokosi la nsaru lisakhale pa dothi kapena kugundana ndi khoma. Liikidwe pa thabwa losanjika pa njerwa, patalipo ndi khoma mwina mwa dzanja, kuti tsache lipite kunsi ndi kumbuyo, ndi kuti njira ya ciswe ioneke isanafike pa bokosi. Lisayandikane ndi matumba a cimanga kapena mtedza, pakuti khoswe wobwera ku cimanga apeza pomwepo nsaru yomangira cisa. Lisakhale kukhichini, kumene utsi ndi mwaye zilowa m'nsaru osacokanso, ndiponso lisakhale pafupi ndi feteleza, amene acititsa dzimbiri singano, sizasi ndi makina omwe. M'cipinda copanikiza malo opambana ali m'mwamba: thabwa limodzi lolenjekeka ndi waya ku mtanda wa denga, pamene sipadontha, lisenza nsaru zambiri ndipo silidya malo oyendamo.

Bokosi la citsulo liletsa khoswe ndi ciswe, koma licita dzimbiri, ndipo banga la dzimbiri pa nsaru yoyera silimva sopo. Liyalidwe m'kati ndi nsaru yakale yoyera bwino. Thumba la pulasitiki lomanga kukamwa lioneka ngati labwino, koma nyengo ya mvula litsekera cinyezi m'kati, ndi nsaru icita nkhungu. Citenje cakale comanga mfundo ciposa pulasitikiyo. Mvula ikatha, m'mwezi wa April kapena May, zonse ziturutsidwe, ziyanikidwe pamthunzi pamene papita mphepo, osati padzuwa, popeza dzuwa lisulutsa maonekedwe a nsaru.

Palibe nsaru yoyenera kulowa m'bokosi isanacapidwe. Yatsopano ya thonje ifupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo ina, makamaka yofiira ndi yobiriwira kwambiri, isuluka. Cigamba cotere cikasokedwa cosacapa cidzakoka zinzace ndi kuzidetsa tsiku loyamba lopita kudambo. Cobvala ca salaula kapena cakale ca m'nyumba momwemo cicapidwe, ciume ndithu, cidulidwe misoko, kolala ndi malo operepeseka, mabatani ace alowe m'botolo, ndipo cotsalaco cisitidwe. Mphemvu zilondola pfungo la cakudya ndi thukuta. Njenjete zifuna ubweya, cotero juzi ndi bulangete la ubweya zisungidwe pazokha.

Pa kusankha m'pamene pagona nchito yeniyeni. Wosoka wanzeru asankha tsiku lomwelo cigamba cagwa pansi pa sizasi, cisanalowe pali ponse. Ayamba ndi mtundu wa nsaru, maonekedwe pambuyo. Thonje likhale ndi thonje linzace; nsaru yolemera ya jinzi kapena ovololo ikhale payokha, pakuti ikalumikizidwa ndi nsaru yopepuka ya diresi, yolemerayo ing'amba yopepukayo pa msoko. Nsaru ya poliyesita isungunuka pansi pa simbi ya makala imene thonje lipirira bwino lomwe. Wokayika adule kacidutswa, akagwire ndi mbaniro, akayatse pabwalo: thonje lipsa ngati pepala nilisiya phulusa lofewa, koma poliyesita akwinyika nasiya kanthu kolimba ngati mkanda. Atatero agawe zigamba za thonje pawiri, zowala ndi zakuda. Kugawa monga mwa maonekedwe onse, zofiira pazokha, zacikasu pazokha, kufuna mabokosi ambiri amene cipinda ciribe. Ndipo nsaru ya citenje, imene iri ndi maonekedwe anai kapena asanu pamodzi, ikana kugawidwa motero. Copfunda cikongola ndi kusinthana kwa cowala ndi cakuda, ndipo milu iwiriyo ikwanira.

Nsaru yaikuru, yokwana malaya a mwana kapena kuposapo, ipindidwe mozinga pa katoni, makatoni onse a msinkhu umodzi, ndipo iimikidwe ciriri m'bokosi monga mabuku, kuti wotsegula aone mphepete mwa iri yonse nasolole imodzi osasokoneza zinazo. Nsaru zosanjikizana mulu zibisana, ndipo ya pansi iiwalika. Mai apita ku Chipata kapena ku Katete kukagula cimene ali naco kale.

Zazing'ono zidulidwe msanga. Pafunika cipatuko cimodzi ca katoni yolimba kapena lata, ca masentimita 12 mbali zonse, cokhala ndi kabowo kolenjekera pa msomali. Ca katoni ciperepeseka m'mphepete pogwiritsidwa nchito, ndipo tizigamba ta mwezi wa mawa tidzacepa pang'ono kuposa ta lero. Cifukwa cace ciyesedwe ndi tepi kawirikawiri. Cipatukoco ciikidwe motsata ulusi wa nsaru, osati mopingasa, kuti kacigamba kasatamuke posoka. Todulidwato tisanjidwe makumi asanu makumi asanu, mulu uli wonse wopyozedwa ndi ulusi umodzi pakati, ndipo milu isanu ndi umodzi ndiyo copfunda cathunthu. Zimene zinadzaza thumba zilowa tsopano m'citini ca mabisiketi, ndipo mwini wace adziwa potsegula kuti zatsala zingati. Zotalika zosakwana cipatuko zikulungidwe pazokha, zidzathandiza kupendera m'mphepete. Kacidutswa kocepa kuposa zala ziwiri sikayenera bokosi ai. Kapite m'thumba la zophatikira mtsamiro. Pali amai ena osafuna kutaya ngakhale kaulusi, ndipo ndiwo amene cipinda cao cidzala msanga ndi copfunda cao sicitha.

Singano ndi mapini zifuna cisamaliro cina, cifukwa m'cipinda momwemo mukwawa mwana. Singano ziwerengedwe poyamba nchito ndi pomaliza. Zibayidwe pa kansaru ka ubweya kouma, kansaruko kalowe m'botolo lotseka, pakuti singano yosiyidwa pa nsaru nyengo ya mvula icita dzimbiri nisiya banga pomwepo. Maginito a m'wailesi yakufa atola mapini ogwa pa mphasa amene diso silingaone. Sizasi ya nsaru ilenjekeke pa msomali wa m'mwamba, ndipo a m'nyumba onse adziwe kuti sidula pepala, tsitsi kapena cingwe; ana a sukulu apatsidwe yao yakale. Ulusi ukhale pa thabwa lokhomedwa misomali, msomali uli wonse ulusi wace ndi bobini wace pamodzi, ndipo pabvundikiridwe kansaru, popeza ulusi wokhala padzuwa ndi pa pfumbi ufooka, nuduka-duka m'makina.

Makina aime pafupi ndi zenera, kuunika kudzere kumanzere kumene kuli singano, koma mvula isawafikire. Akatha nchito apukutidwe, abvundikiridwe. Adonthezedwe mafuta a makina okha. Mafuta ophikira auma nasanduka ulimbo m'kati, ndi makina alemera. Pambuyo pa mafuta wosoka ayambe wasoka pa cigamba cacabe, kuti dontho lisagwere nsaru ya mwini.

Kwatsala bvuto limodzi la cipinda cacing'ono, ndilo posanjira copfunda cisanasokedwe. Tizigamba 300 tifuna malo aakuru ngati kama, ndipo sitingagone pansi masiku ambiri pamene apita nkhuku ndi ana. Mai ayale citenje cacikuru kapena bulangete pa mphasa pabwalo, tsiku lopanda mphepo, nasanje mizere 20 ya tizigamba 15, nasinthe-sinthe kufikira maso akondwa. Pamenepo atole mzere uli wonse mwa dongosolo lace, kuyambira kumanzere, naupyoze ndi ulusi pamodzi ndi kapepala ka nambala yace. Mizere yonse ilowa m'cikwama ca pilo cimodzi colenjekeka kukhoma. Tsiku liri lonse aturutsa mzere umodzi wokha, nausoka, nausita, naulumikiza ku unzace. Woyamba m'mwezi wa May, kukolola kukupepuka, akasoka mzere umodzi pa tsiku adzatsiriza pamwamba pace m'masabata anai osagwira tsiku la Sabata, ndipo kudzatsala kuyala bulangete ndi zitenje za kunsi ndi kusoka zitatuzo pamodzi, kuyambira pakati kunka kumphepete.