Kudzimangira kompyuta ya magemu m'thumba muli mopepuka

Ndalama ya munthu wokhala kunja imakhala ndi eni ake isanalowe n'komwe m'thumba. Pali lendi, pali thiransipoti, fizi ya mng'ono wanu ku Zomba, feteleza wa amayi mvula ikayandikira, ndiye maliro amene sapangana ndi munthu. Choncho mwana akayamba kulirira kompyuta ya magemu ngati ya anzake akusukulu, kapena inu nomwe mukafuna poti muzipumirapo ndi mpira wa EA Sports FC mukaweruka kuntchito, mitengo ya m'sitolo imakubwezani pakhomo. Komatu kompyuta yotereyi mukhoza kuimanga nokha patebulo ndi sikuludiraiva imodzi, ndipo ubwino wake ndi wakuti ndalama iliyonse mumaiika pamene mwafuna inuyo, osati pamene wafuna wogulitsa.

Musanayang'ane mtengo wa chida chilichonse, dziwani kaye magemu amene azidzaseweredwa ndi sikirini imene azidzaonekerapo. Fortnite, Valorant, Counter-Strike 2, eFootball, Roblox ndi GTA V salira makina amphamvu kwenikweni. Cyberpunk 2077 ndi Call of Duty zatsopano ndiye zimadya mphamvu. Pa sikirini, khalani pa 1080p. Ya 4K ili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa ya 1080p, ndipo kompyuta yoti ijambule timadontho tonseto mwaliwiro si ya bajeti yathuyi. Sikirini ya mainchesi 24, ya 1080p, yothamanga 144Hz kapena kuposerapo, imakwanira ndithu.

Mukatero, pafupifupi magawo anayi pa khumi a ndalama zanu apite ku graphics card. Ngati mwasunga mapaundi 500, khadiyo itenge ngati 200. Iyi ndiyo imajambula zonse zimene mukuona, ndipo ndi imene imagamula ngati gemu iyende mosalala kapena izidodoma. Apa mpamene makompyuta omangamanga a m'sitolo amapusitsira anthu. Kunja kuli magalasi ndi timagetsi tamitundumitundu, pachikwangwani alemba “i7” mwa zilembo zikuluzikulu, koma khadi ili mkatimo ndi yofooka. Kholo losadziwa limagula kuwalako.

Kwa 1080p, Radeon RX 6600 ya AMD, imene idatuluka mu 2021 ndi memory ya 8GB, ndi poyambira pabwino: imadya magetsi ochepa, mawati 132, ndipo imapezeka yambiri pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito. RX 6700 XT ili ndi 12GB ndipo imaposa pamenepo. Kwa Nvidia kuli RTX 3060, koma apa tsegulani maso, chifukwa ilipo ya 12GB ndi ina ya 8GB yochepa mphamvu, zonse dzina limodzi. RTX 4060 ndi yabwino mukaipeza motsika. Intel nayo idatulutsa Arc B580 ya 12GB kumapeto kwa 2024 pamtengo wa madola 249, koma imafuna kompyuta yokhala ndi Resizable BAR, choncho si yoika m'makina akale. Imene ndingakuletseni ndi khadi iliyonse ya 4GB, monga RX 6500 XT. Ngakhale itchipe bwanji, magemu atsopano aidutsa kale, ndipo chaka chisanathe mudzafuna ina.

Purosesa isakudyereni ndalama. Ryzen 5 5600 ili ndi ma core 6 ndipo imabwera ndi fani yake m'bokosi. Imakhala pa soketi ya AM4, imene AMD idayamba mu 2016, ndiye zida zake zili ponseponse. Mnzake kwa Intel ndi Core i5-12400F, kapena i3-12100F zinthu zikathina. Chilembo F chikutanthauza kuti purosesayo siingaonetse chithunzi payokha popanda khadi, ndipo Ryzen 5 5600 nayo ili chimodzimodzi. Ngati khadi mudzagula miyezi ya m'tsogolo, tengani Ryzen 5 5600G, imene imatha kuyendetsa magemu opepuka yokha podikira. Motherboard ya B550 imagwirizana bwino ndi ma Ryzen amenewa. Ya B450 imatchipa, koma funsani ngati BIOS yake idakonzedwa kuti ilandire Ryzen 5000, apo ayi mudzayatsa osaona kanthu. Ndipo ngati mukuchita lendi chipinda chimodzi m'nyumba ya anthu ambiri, rauta ili pansi inu muli pamwamba, onetsetsani kuti bodiyo ili ndi Wi-Fi, chifukwa zambiri zotchipa zilibe.

RAM ikhale 16GB, timitengo tiwiri ta 8GB osati kamodzi ka 16GB, pakuti tiwiri timagwira ntchito mothandizana ndipo liwiro limakwera. Mitengo ya RAM idakwera kwambiri kumapeto kwa 2025 pamene makampani a AI adayamba kugula memory yochuluka, ndiye DDR4 ya kaunjika si yochititsa manyazi. RAM siwonongeka wambawamba. Posungira zinthu gulani SSD ya mtundu wa NVMe, ya 1TB ngati mungathe, chifukwa gemu imodzi ya masiku ano imatha kupitirira 100GB. Kesi ndiye tengani yotchipa iliyonse, bola ikhale ndi timabowo tolowera mpweya kutsogolo komanso khadi yanu ikwanemo m'litali.

Pali chida chimodzi chimene ndikupemphani kuti musachite nacho umbombo: power supply, kabokosi kamene kamalandira magetsi akukhoma n'kugawira zida zonse. Sikawonjezera liwiro la gemu ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake anthu amakanyozera. Koma kakakhala kachabechabe, tsiku limene kadzapse kakhoza kupita ndi khadi ndi bodi yomwe, ndipo m'chipinda cha lendi moto si nkhani yaing'ono. Gulani katsopano, ka kampani yodziwika monga Corsair, Seasonic, be quiet! kapena Cooler Master, ka mawati 550 mpaka 650, kokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze ndi waranti ya zaka zingapo. Kopanda dzina kolembedwa “800W” pamtengo wa nkhomaliro kasiyeni pomwepo.

Mndandanda wanu wonse ulembeni pa PCPartPicker. Ndi yaulere, ndipo imakuchenjezani ngati purosesa ndi bodi sizikugwirizana, kapena ngati khadi siikwana m'kesi.

Tsono kogula. Ku Britain kuli Scan, Overclockers UK ndi Amazon pa zatsopano, ndipo CeX imagulitsa zakale ndi waranti. Ku Joni kuli Wootware, Evetech ndi Takealot, pomwe zakale anthu amagulitsana kwambiri pa Carbonite. Ku America, amene ali pafupi ndi sitolo ya Micro Center aone mitengo yogula purosesa, bodi ndi RAM pamodzi. Lamulo nalo lili kumbali yanu mukagula kwa kampani. Ku Britain, katundu wogula pa intaneti mukhoza kumubweza pasanathe masiku 14, ndipo wowonongeka mumabwezeredwa ndalama zonse pasanathe masiku 30. Ku South Africa, Consumer Protection Act imakupatsani miyezi 6 pa katundu wopezeka ndi vuto. Sungani malisiti ndi mabokosi.

Chitetezo chimenechi chimathera pakhomo la sitolo. Pa Facebook Marketplace kapena Gumtree muli nokha, komabe n'kumene kuli mitengo yabwino ya makhadi, ndiye pitaniko mwanzeru. Musatumize ndalama ya chikole kwa munthu amene simunamuone, ngakhale akuuzeni kuti ogula ena ali pamzere. Pemphani kuti khadiyo muione ili m'kompyuta ikugwira ntchito. Pulogalamu ya GPU-Z imaonetsa dzina lake lenileni, pakuti alipo makhadi akale amene amawasintha dzina kuti aoneke atsopano. Kenako iyendetseni pa gemu kapena pa FurMark kwa mphindi khumi, muone ngati mafani onse akuzungulira popanda phokoso lachilendo, ndiponso ngati pasikirini sipakutuluka timizere kapena timadontho tamitundu. Wogulitsa wokana zimenezi wakuyankhani kale. Polipira ndi PayPal sankhani Goods and Services. Friends and Family ilibe chitetezo kwa wogula, ndipo akuba amaikonda pachifukwa chimenecho. Mukakhala inu wogulitsa, makamaka ku South Africa, musapereke katundu kapena kukhulupirira uthenga wa pafoni wakuti ndalama zalowa musanazione nokha muakaunti. Pokakumana ndi munthu, tengani mnzanu, pitani masana.

Purosesa, RAM, kesi ndi khadi ndingagule zakale mosaopa. Bodi yakale ndiyoyang'anitsitsa, makamaka ya Intel imene timapini take tili pa bodipo ndipo timapindika msanga. SSD yakale iyezeni ndi CrystalDiskInfo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Black Friday imabwera mu Novembala, ndipo Khirisimasi ikapita ambiri amagulitsa makhadi awo akale atalandira atsopano. Koma kudekhako kukhale kosunga ndalama, osati kogula chida chimodzi mwezi uno china mwezi wamawa. Mukagula bodi mu Malichi n'kudzaiyesa mu Ogasiti, masiku obweza adzakhala atatha musanadziwe kuti ndi yakufa. Sonkhanitsani ndalama, mugule zonse m'sabata imodzi kapena ziwiri. Za ngongole za Klarna ndi zina zolipira pang'onopang'ono, maganizo anga ndi akuti zoseweretsa sizitengeredwa ngongole ndi munthu amene foni yakumudzi ikhoza kulira usiku uliwonse.

Ilipo njira ina yotchipa kuposa zonsezi: kugula kompyuta yakale ya muofesi, monga Dell OptiPlex kapena HP EliteDesk, n'kuikamo khadi. Imatheka, koma ili ndi misampha. Zambiri ndi zopyapyala moti khadi yaikulu siilowa, ndipo power supply yake ndi yaing'ono, ya mapulagi akeake osasinthika mosavuta. China n'chakuti Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Choncho i7-6700 kapena i5-7500, ngakhale dzina limveke lolemera, yatsalira. Yang'anani nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko, kapena ziwiri zoyamba ngati manambala ali asanu, pakuti ndiyo imasonyeza m'badwo.

Windows mumaitenga pa webusaiti ya Microsoft n'kuiika pa fulashi ya 8GB. Linux ndi yaulere ndipo magemu ambiri a pa Steam amayenda bwino, koma Fortnite, Valorant ndi EA Sports FC sayenda pamenepo, ndiye ngati mwana akufuna amenewa musavutike nayo. Magemu nawo musagule pamtengo wonse: Epic Games Store imapereka gemu yaulere sabata iliyonse, ndipo Steam imatsitsa mitengo kwambiri chapakati pa chaka ndi mu Disembala.

Kumanga kwenikweniko ndi ntchito ya masana amodzi. Yambani bodi ili pamwamba pa katoni yake, osati pakapeti, ndipo muzikhudza chitsulo cha kesi kawirikawiri. Purosesa ili ndi kachizindikiro ka makona atatu pangodya. Kalunjikitseni ndi ka pa soketi, ndipo igwere yokha. Ikakana, musakanikize, mwaitembenuza molakwika. RAM ndiye imafuna kukanikiza mpaka imveke kuti “tcha”, ndipo pa bodi ya mipata inayi kawirikawiri imalowa wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa. Kabuku ka bodi kakuuzani. Fani ya m'bokosi imabwera ndi phala lake lopakapaka, koma mukagula ina, matulani kapulasitiki kapansi. Musaiwale nthambo ya mapini 8 ya purosesa pamwamba pa bodi, ndi ina yopita ku khadi. Pomaliza, nthambo ya sikirini ilowe kumbuyo kwa khadi, osati kwa bodi. Ambiri amene amaganiza kuti aotcha kompyuta tsiku loyamba vuto limakhala lomweli, kapena swichi ya kumbuyo kwa power supply. Ikayaka, lowani mu BIOS muyatse XMP, imene ma bodi ena amaitcha DOCP, kuti RAM ithamange liwiro limene mudalipira, ndipo mu Windows sinthani sikirini ichoke pa 60Hz.

Magetsi asakuopseni. Kompyuta yotereyi ikamasewera kawirikawiri imadya mawati osapitirira 300, ndiye maola atatu safika yuniti imodzi. Amene muli ku South Africa, kumene magetsi amatha kuzima ndi kubwera mwamphamvu, onjezani surge protector, ndipo UPS ngati thumba lilola.

Ambirife zimene tagula kunja zimadzathera kumudzi, kaya tabwerera kaya tatumizira mphwathu. Liganizireni tsikulo mukadali m'sitolo. Malawi amagwiritsa ntchito magetsi a 230V ndi pulagi ya mano atatu yofanana ndi ya ku Britain, choncho ya ku Britain imangolowa, ya ku Joni mumangosintha nthambo. Amene muli ku America kapena Canada, kumene magetsi ndi 120V, werengani pa power supply ndi pa sikirini ngati palembedwa 100–240V. Potumiza, chotsani khadi muiike m'bokosi lakelake, chifukwa ikatsala mkati, mabampu a msewu wa Beitbridge, Tete mpaka Mwanza akhoza kuthyola polowera pake. Ngati mukukwera ndege, khadi ndi SSD zikhale m'chikwama cham'manja, kesi mukhoza kukagula ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Za msonkho funsani a MRA katundu asananyamuke, ndipo malisiti akhale pafupi pachipata. Wolandirayo mumuuze kuti asaiike pansi pamene pali fumbi, azipukuta sefa za kesi mwezi ndi mwezi makamaka m'chilimwe, ndipo magetsi akazima azizula pulagi kukhoma mpaka abwerere ndi kukhazikika.