Phunziro: Nkhani ya katemera iyambe mwana asanabadwe

Anzathu a m'makalabu, ambiri mwa inu muli pabanja ndipo ena mukuyembekezera mwana woyamba. Mumakambirana za dzina, za zitenje ndi beseni zopita nazo kuchipatala. Nanga za katemera munakambiranapo? Kawirikawiri nkhaniyi imasiyidwa kwa mayi yekha, ndiye tsiku la sikelo likafika bambo akuti tikapalire kaye, apongozi akuti jakisoni amatenthetsa mwana thupi. Mwana n'kuphonya.

Kutentha thupi kumachitikadi, ndipo kumatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Koma zoti katemera amatseketsa kubereka ndi mphekesera chabe, zomwe zinakula kwambiri nthawi ya Covid-19. Zoopsa zenizeni tinaziona mu 2010, pamene chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno ndi kupha mazana, ambiri mwa iwo ana. Mu 2022 poliyo anapezekanso mwa mwana wina ku Lilongwe patapita zaka pafupifupi 30.

Mwana akangobadwa amalandira BCG wa chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 amabwereranso kukalandira katemera wa kafumbata, chifuwa chokoka mtima, chibayo ndi matenda ena. Wa chikuku ndi pa miyezi 9 ndi 15. Phalombe linali limodzi mwa maboma amene katemera wa malungo anayambira mu 2019, choncho funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu za masiku ake.

Tsopano tiyeni tiime pa masabata 6, chifukwa apa m'pamene katemera ndi HIV zimakumana. Ngati mayi ali ndi kachilombo, tsiku lomwelo mwana amatengedwa magazi pang'ono kuti ayezedwe, ndiponso amayamba kumwa Bactrim womuteteza ku matenda monga chibayo. Mayi amene akuopa kuti anzake a pamzere amuona akulowa chipinda china amangokhala pakhomo, ndipo mwana amataya zinthu zitatu pa tsiku limodzi: katemera, kuyezedwa ndi mankhwala. Chonsecho mwana wobadwa kwa mayi wa kachilombo ndiye amene chikuku kapena chibayo chingamufooketse msanga. Kuyambira 2011 amayi oyembekezera opezeka ndi HIV amayamba ma ARV nthawi yomweyo, ndipo ana ambiri akubadwa opanda kachilombo. Kodi n'kwanzeru kumupulumutsa mwana ku HIV kenako n'kumutaya ndi chikuku?

Anyamata, apa pakukhudzani. Kuperekeza mkazi ku sikelo ya amayi oyembekezera, kaya ku Migowi kaya ku Holy Family, si kudyetsedwa mankhwala ayi. Mumayezetsa limodzi, mumamva limodzi, ndipo kunyumba simukanganirana zimene anamwino ananena. Njinga yokanyamulira makala ija ingathenso kunyamula mayi ndi khanda.

Kambiranani pa msonkhano wa kalabu sabata ino. Kodi m'mudzi mwanu ndani amalamula zoti mwana apite ku sikelo kapena ayi? Mnzanu akati mpingo wake suloleza jakisoni, mungamuyankhe bwanji osamunyoza? Ndipo ngati kabuku ka kusikelo kanapita ndi madzi, monga zinachitikira mabanja ena pa namondwe wa Freddy mu 2023, mlangizi wa zaumoyo amene angakuthandizeni amapezeka kuti, tsiku liti?