Mau Okuta ndi Mau Okutidwa: Chitsanzo cha Maina a Vayolini

Pa maphunziro a matanthauzo, liu limatchedwa lokuta ngati tanthauzo lake lifungatira mau ena, monga momwe "mtengo" ufungatira "mbaŵa" ndi "mlombwa". Ubale umenewu John Lyons anaufotokoza m'buku lake la 1977 lotchedwa Semantics, ndipo dzina lake ndi hyponymy. Muyeso wake ndi chiganizo ichi: mbaŵa iliyonse ndi mtengo, koma si mtengo uliwonse uli mbaŵa. Maina a zoimbira za banja la vayolini aonetsa kuti kapangidwe ka liu sikakwana kutsimikiza ubale wotere.

M'Chitaliyana cha zaka za m'ma 1500, liu lakuti viola linali lokuta, pakuti linkatchula zoimbira zosiyanasiyana za nsambo zokwecha ndi uta. Pa tsinde limeneli panaphuka violino, ndiye kuti viola wamng'ono. Violone, viola wamkulu. Ndi violoncello, violone wamng'ono. Ntchito ya -ino ndi -one ifanana ndi ya ka- ndi chi- m'mau akuti "kamtengo" ndi "chimtengo".

Kufananako kuthera pomwepo. Kamtengo ndi mtengo ndithu, koma violino wa lero si mtundu wa viola. Tanthauzo la viola linachepa, ndipo tsopano litchula choimbira chimodzi cha nsambo zinai zochunidwa pa C, G, D ndi A, pamene za vayolini zili pa G, D, A ndi E. Liu lomwe linali kholo lasanduka mbale wa mwana wake.

M'Chingerezi, liu lakuti fiddle lili ndi malo aŵiri. Pa kulankhula kwa tsiku ndi tsiku litchula vayolini yemweyo, makamaka poimba nyimbo za anthu wamba. Kwa akatswiri a zoimbira ndi liu lokuta, kotero kuti kaligo wa nsambo imodzi wa ku Malaŵi amatchedwa fiddle, ngakhale sali vayolini.

Apa pali chenjezo kwa olemba mabuku otanthauzira mau a zinenero za Chibantu. Womasulira kaligo kuti violin wasinthanitsa mau aŵiri okutidwa, ndipo wabisa choimbira cha eni ake m'dzina la choimbira chachilendo. Njira yoyenera ndi kuyamba ndi liu lokuta, kenaka kutchula zimene zisiyanitsa: chiŵerengero cha nsambo, kapangidwe, ndi kaimbidwe kake.