Azakhali, ndikufuna kukhala telala

Azakhali,
Ndine mtsikana wa ku Ndirande. Mayeso a Fomu 4 sanandiyendere bwino, ndiye ndaganiza zoyamba utelala, ndizisoka madiresi aukwati ngati aja a pa Facebook. Achimwene alonjeza kundigulira makina amagetsi. Ndiyambire pati?
Mwana wanu

Mwana wanga,
Madiresi aukwati, eti? Tandiuza kaye: batani la bulauzi yako likathothoka umalibwezera wekha, kapena umangobayapo pini n'kumapita kutchalitchi?

Achimwene akowo uwauze kuti zamagetsizo ziyambe zadikira. Akugulire makina opalasa, Singer kapena Butterfly, ngakhale akale, bola asamadumphe ulusi. Magetsi akathima iwe uzingopalasabe, ndipo okonza ake sasowa pamsika.

Kenako kapeze telala wachikulire, aja akhala pakhonde la sitolo ku Limbe iwe usanabadwe, umupemphe ukhale pambali pake. Adzakutuma ulusi, adzakuyatsitsa makala a simbi, ndipo msoko ukakhota adzati phwasula, uyambirenso. Usanyanyale ayi. Chimene wapitira kumeneko ndi kukaba kadulidwe. Kupalasa makina ngakhale mwana amadziwa pakatha sabata zingapo, koma utelala weniweni uli pa tepi, choko ndi sizasi. Nsalu ya eni ukaidula molakwika ilibe pepani. Uyambe kuyeserera pa nyuzipepala zakale, kolala ndi mkono makamaka, poti telala wachinyengo amagwidwira pamenepo. Ukafuna satifiketi, makoleji a ntchito zamanja omwe ali pansi pa TEVETA amaphunzitsa zosoka, ndipo pepalalo limakulankhulira ukamafuna ntchito yosoka mayunifolomu a sukulu yonse.

Udzamva ena akudandaula kuti kaunjika adapha utelala. Asiye azilira, iwe ukaike makina ako pafupi ndi pomwe amatsegula mabelo. Wogula jinzi yaitali afuna kupinditsa, wina siketi yamukulira m'chiuno, wina zipi yafa. Ndalama zake ndi zing'onozing'ono, koma za ndiwo ndi za lendi ya khonde zimachokera pomwepo. Ogasiti akafika, makolo amasaka mayunifolomu sukulu zisanatsegulire. Pambuyo pake padzabwera amayi a Mvano, ndi a chinkhoswe atanyamula zitenje zofanana khumi, aliyense ndi sitayilo yake pafoni.

Gula kope. Ulembemo dzina la kasitomala, miyezo ndi tsiku lodzatenga, ndipo kachidutswa ka nsalu yakeyo ukabaye patsamba lomwelo. Mayi akakuuza kuti “m'chiuno ndine 32”, umwetulire mwaulemu, koma tepi ndiyo inene. Usiyeko kansalu m'kati mwa msoko, chifukwa pakati pa tsiku loyeza ndi tsiku la phwando pamadutsa nsima zambiri. Dipoziti ulandiriretu, apo ayi khonde lidzadzaza madiresi omwe eni ake adasamukira ku Joni.

Pali matenda amodzi omwe ndikukupempha usakatengere kwa aphunzitsi akowo: “bwerani mawa”. Disembala akamayandikira udzafuna kulandira nsalu iliyonse. Kana zina, mwanawe. Mayi amene wamugonetsa diresi la Khrisimasi akakulengeza pachitsime, pachigayo mpaka kumaliro.

Ndipo kamnyamata kako kakabwera ndi buluku long'ambika kuti “ungondigwirirako, bebi”, mtengo ndi womwewo.

Azakhali ako